Nambala Wani Amasewerera Pakhomo

Kutchalitchi kwathu ku Maryhill, mumzinda wa Glasgow, kuli amayi ena amene mpaka lero akandiona amayamba aseka kaye, moni n'kubwera pambuyo. Sindiwaimba mlandu. Ndikanakhala ine woonerera tsiku la chinkhoswe changa, bwenzi ndikuseka kuposa pamenepo. Nkhaniyi yayenda kale m'makomo ambiri, ena afika poithira mchere kuti ndinakomoka (sindinakomoke, ndinangokhala pansi mofulumira), ndiye ndati bola ndiifotokoze ndekha mwini wake.

Ine ndinabwera ku Glasgow kudzaphunzira masamu olosera zinthu. Ndi maphunziro aja oti ukangowadziwa pang'ono umayamba kuganiza kuti kunja sikungache usanavomereze. Ndimakhala ku Partick, m'kachipinda ka pamwamba penipeni, koti ukafika umayamba wapuma usanafunefune makiyi. Bwenzi langa ndi Tiyamike, tonse timangomuti Tiya. Amaphunzira zowongola minofu ndi mafupa pa yunivesite yomweyo, ndipo ndi kaputeni wa timu ya atsikana ya volebo. Ndi wamtali. Tikamajambulitsa ine ndimayamba ndafunafuna sitepe.

Tisanadziwane, volebo ndinkaiona ngati masewera a anthu amene mpira wamiyendo unawakana. Nditayamba kumufunsira ndinasintha maganizo msangamsanga. Ndinayesapo kusewera kamodzi, mpira unandipeza pamphuno magalasi n'kuthyoka, ndiye ndinaona kuti mphatso yanga ili kunja kwa bwalo. Ndinayamba kulosera.

Mundilole ndifotokoze pang'ono mmene zimayendera, chifukwa tsoka langa lagona pamenepa. Matimu a mayunivesite amayamba asewera ligi. Kenako akuluakulu a mpikisano amawasanja, kuyambira nambala wani kutsika m'munsi. Amaona amene wapambana magemu ambiri, mukafanana amaona maseti, mukafanananso amapita ku mapointi. Akatero pamabwera ndime yachipulula, yoti wagonja wapita. Lamulo lake ndi lakuti timu yapamwamba imasewerera pakhomo, yapansi ndiyo imakwera basi. Chaka cham'mbuyo mwake ndinalosera masanjidwe onse akuluakuluwo asanalengeze, osaphonya ngakhale timu imodzi. Atsikana a timu anandipatsa dzina loti Pulofesa. Ndikanakhala wanzeru ndikanamva kuti muli kachipongwe, koma ine ndinalilandira ndi manja awiri.

Tsopano za chinkhoswe. Amayi ake a Tiya ankabwera kuchokera ku Zomba mu Disembala, kwa masiku ochepa chabe, ndipo tinagwirizana kuti mwambo uchitike iwo alipo. Kuchikazi ankatsogolera azakhali ake, a Nabanda, namwino pa chipatala chachikulu chija cha kufupi ndi Govan, mayi woti akakuyang'ana umayamba kukumbukira machimo ako. Kuchimuna, poti malume anga enieni ali ku Dedza, anandiimira ndi Bambo Kamwendo, mkulu wa mpingo amene amawotcherera zitsulo kopangira zombo. Titayang'ana masiku opuma a anthu awiriwa, masiku amene holo ya tchalitchi inalibe zochitika, ndi tsiku lobwerera apongozi, panatsala Loweruka limodzi lokha.

Tiya anayang'ana pa kalendala n'kupukusa mutu.

"Pulofesa, Loweruka limeneli ndi la chipulula."

"Ndikudziwa," ndinatero. "Mudzakhala nambala wani. Nambala wani amasewerera pakhomo. Gemu masana, chinkhoswe madzulo. Kuchoka ku holo ya masewera kufika ku Maryhill ndi basi imodzi, udzakhalanso ndi nthawi yokonza tsitsi."

"Nanga akatitumiza kutali? Bwanji tingochita chaka chamawa, amayi adzabwerenso?"

"Sangakutumizeni kutali."

"Watsimikiza?"

"Peresenti nainte naini."

Bambo Kamwendo atamva anakanda m'mutu. "Mphwanga," anatero, "mapanga awiri avumbwitsa." Ine m'malo momva ndinatsegula laputopu n'kuwaonetsa mizere yanga yofiira ndi yobiriwira, ina yokwera ina yotsika. Mkuluyo anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso, kenako anati, "Ine sindikumvapo kanthu, koma zikuoneka zokongola." Tsiku linakhazikika pomwepo, tikiti ya apongozi n'kugulidwa.

Mwezi wa Novembala wonse ndinali ngati wogwidwa mizimu. Kuti timu ya Tiya ikhale nambala wani sikunali kokwanira kuti izipambana yokha, panafunikanso kuti timu ina ya ku Edinburgh itaye seti penapake. Ndinakwera sitima kukachemerera atsikana amene sindinkawadziwa, a timu yofooka imene inkasewera ndi a ku Edinburgh aja. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa, makolo awo n'kumandiyang'ana modabwa kuti kodi bamboyu ndi wa mwana uti. Atalanda seti imodzi ndinakumbatira mdala wina wa chipewa, osamudziwa. Ndinabwerera ku Partick ndikuimba.

M'mwezi womwewo ndinalandira uthenga wina. Ophunzira akuluakulu ngati ine timagwirako ganyu yoyang'anira mayeso. Uthengawo unkati denga la holo yakale ya mayeso likudontha, ndiye chaka chino mayeso alembedwera mu holo ya masewera. Ndinauwerenga. Ndinayankha kuti zikomo, ndamva. Ndinadandaulanso kwa mnzanga kuti holo ya masewera imazizira, ndidzavala majuzi awiri. Kenako ndinabwerera ku mizere yanga yofiira ndi yobiriwira. (Gwiritsitsani pamenepa, chifukwa ine sindinagwiritsitse.)

Lolemba la sabata ya chinkhoswe ndinalawirira ku ganyu yanga. Ndinapeza madesiki atandandalikidwa holo yonse, kuchokera khoma ili kukafika khoma ilo. Ukonde anali atauchotsa. Pansi pankaonekabe malaini a bwalo la volebo, ndipo ndikuyendayenda pakati pa olemba mayeso, manja kumbuyo, ndinaima pa laini ina n'kumwetulira ndekha: apa ndi pamene Tiya adzalumphe Loweruka. Ndikunena zoona. Desiki kumanja, desiki kumanzere, mnyamata wina akutafuna cholembera patsogolo panga, ine n'kumaona m'maganizo mkazi wanga akumenya mpira pomwepo.

Mayeso atatha ndinapeza Tiya akundidikira pakhomo la holo, chikwama paphewa.

"Alengeza," anatero.

"Ndiye?"

"Nambala wani."

Ndinalumpha. Ndinavina pang'ono, kavinidwe kamene sindikufuna kukafotokoza. "Ndinakuuza! Ndani anakuuza? Tchula dzina lake!"

Iye osaseka.

"Tikukasewera ku Aberdeen."

"Alakwitsa. Awaimbire kochi. Nambala wani amasewerera pakhomo."

"Pakhomo pake pati?"

"Muno!"

"Tatembenuka."

Ndinatembenuka. Abale inu, madesiki aja ndinali nditawaona m'mawa wonse, koma apa m'pamene ndinawaona koyamba. Kukamwa kunangoti yasa.

Tiya anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala. Madesiki sachoka mpaka mayeso atatha, sabata inayo. Kochi anazungulira mzinda wonse kufuna holo ina, koma zonse zinali zitatengedwa ndi maphwando a Khirisimasi. Ndipo kuseri kwa lamulo langa lokondedwa lija kunali lina, limene sindinalisamale: timu yapamwamba ikasowa bwalo, gemu imapita kwa anzawo.

"Ife tamva lero," anatero. "Iwe unadziwa liti kuti mayeso ali muno?"

Ndinafuna kunama, koma pakhosi panga pankalendewera kachingwe ka woyang'anira mayeso, kolembedwa dzina langa ndi chithunzi chomwe.

"Mwezi watha."

"Mwezi watha," anabwereza, n'kutembenuka kumapita.

Mu Glasgow yense munthu amene ankadziwa zinthu zonse ziwiri, tsiku la gemu ndi malo a mayeso, ndinali ine ndekha. Ndinali nditawerengera mapointi a matimu a m'mizinda imene sindinafikeko, koma sindinathe kuwonkhetsa zinthu ziwiri zimene zinali m'foni imodzi.

Madzulo ake tinakumana kwa azakhali ku Govan. Apongozi anali atangofika kumene, atakhala pafupi ndi hita, atavala majekete awiri ndi chitenje pamwamba. Ine monga mkamwini ndinakhala kufupi ndi chitseko, maso pansi. (Zinandithandiza, chifukwa ndinalibe kwina koyang'ana.)

"Ndiye mukuti Loweruka mwana wathu adzakhala kuti?" anafunsa azakhali.

"Ku Aberdeen, azakhali."

"Aberdeen ili mbali iti ya Maryhill?"

Aberdeen ili kumpoto uko, ulendo wa maola angapo ngakhale msewu uli bwino.

"Amayi," anatero Tiya, "ndi chaka changa chomaliza, ndipo ndine kaputeni. Anzanga sindingawasiye."

"Ndiye ife tidzakhala tikuchita chiyani?" anatero azakhali. "Chinkhoswe chopanda mkazi ndi msonkhano wa mpingo. Ine ndasinthana masiku ndi anthu atatu kuntchito. Amayi akowa akunyamuka Lolemba. Anthu taitana kale, ena akuchokera ku Manchester."

Apa apongozi analowererapo. Anakonza chitenje chawo n'kunena motsitsa, "Ine pa utsikana wanga ndinasewerapo ntchemberembaye. Kaputeni sathawa anzake. Mwana apite. Koma dzuwa likamalowa akhale ali pano."

Tinayang'anana. Palibe analimba mtima kuwauza kuti kuno mu Disembala dzuwa limalowa chakudya chamasana chisanatsike, ndipo masiku ambiri silituluka n'komwe.

Apa munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinatsokomola.

"Zikhoza kutheka," ndinatero. "Timu ya ku Aberdeen ndi yapansi. Ndawerengera kuti awagonjetsa maseti atatu osabwezako, gemu itha msanga, basi inyamuka nthawi yomweyo, ndipo adzafika tisanamalize pemphero lotsegulira."

Azakhali anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwayambanso?"

Loweruka linafika ndi chipale. Holo ya tchalitchi inadzaza. Amayi anatchena zitenje zofanana, abambo masuti, ana akuthamangathamanga n'kumayankha makolo awo m'Chingerezi chakuno chija choti umamva pakapita kanthawi. Patebulo panali khasu, lichero ndi mthiko zimene zinabwera m'sutikesi ya apongozi, pambali pake nkhuku ziwiri zootcha za mu shopu zikuimira tambala ndi thadzi. Chilichonse chinalipo kupatula mwini mwambo.

Tiya ananditchera foni kuti ndizitha kuona pamene ali, kadontho kabuluu pa mapu. Mnzake wina wovulala ankatumizanso zotsatira. Seti yoyamba anagonja. Ndinapita kukasamba m'maso. Yachiwiri anapambana, yachitatu anagonjanso. Atsikana a ku Aberdeen aja, amene pa laputopu yanga anali kamzere kotsika, pakwawo anasanduka zilombo. Gemu inafika seti yachisanu. Uthenga womaliza unati apambana, koma Tiya wabinya phazi ndipo wamaliza gemu akutsimphina. Ndinamuimbira, osayankha. Kadontho kanangokhala phee mu Aberdeen kwa nthawi yaitali, kenako kanayamba kukwawa ngati kali ndi nyamakazi.

Azakhali anandikokera pakona. "Tikoka nthawi," anatero. "Ndipo inuyo muthandize, poti ndinu mwatiphikira zimenezi."

Tinaikokadi. Pemphero lotsegulira linapempherera mayiko onse. Kwaya inaimba nyimbo zonse zimene imadziwa, n'kubwerezanso zina. Bambo Kamwendo anapatsidwa mpata wolonjera alendo ndipo anafotokoza za ubale wa Amalawi ndi Asikoti kuyambira pachiyambi penipeni. Anthu anayamba kuyang'ana nkhuku zija. Kadontho kanali kasanafike n'komwe ku Dundee, cha pakati pa ulendo.

Kenako panatsala chinthu chimodzi chokha chokokera nthawi. Mukudziwa mwambo uja woti akuchikazi amatulutsa atsikana atawafunditsa zitenje, mwamuna n'kumasankha wake. Nthawi zonse amayamba ndi abodza awiri kapena atatu kuti anthu aseke, iwe n'kumakana, kenako amatulutsa weniweni. Azakhali anaganiza kuti tsiku limenelo abodzawo asathe.

Ndinaima kutsogolo, foni nditaibisa m'dzanja m'mphepete mwa jekete. Anatulutsa woyamba akuvina, nthungululu zili pakamwa.

"Uyu si wanga," ndinatero. "Wanga amathyola mango osakwera mtengo."

Holo yonse inafa ndi phwete. Ndisaname, zinandikomera. Wachiwiri ndinati wanga sayenda ngati akuopa kuponda nyerere, anthu anasekanso. Atsikana atatha, azakhali anayamba kutulutsa amayi a mumpingo, ena a zidzukulu. Amayi atatha anafunditsa gogo wina wachisikoti amene amasunga makiyi a holo. Nditamukana anavula chitenje n'kunena kuti, "Aye, your loss, son," n'kumapita akuvina, anthu ali m'manja. Kenako anatulutsa wina wamtali, wa mapewa, ndipo atamuvundukula anali mnyamata wa besi wa mukwaya. Apa ndiye anthu anagwa pa mipando.

Ine ndinali nditazolowera. Diso limodzi pa kadontho, pakamwa pa nthabwala. Ndinasiya n'kuyang'ana komwe amene akubwera. Ndikanayang'aniranji? Kadontho kanali ku Perth, ndipo ndinali nditawerengera kale kuti ndi chipale chimenechi basi ikufunika ola lathunthu ndi kanthu.

Anatulutsa wina. Ndikukumbukira kuti nthungululu zinasintha, zinakwera kwambiri, ndipo amayi ena anaimirira. Ndinaganiza kuti akusangalala ndi ine. Ndinaponya diso pang'ono, ndinaona chimunthu chachitali, n'kubwerera pa foni.

Bambo Kamwendo anandigunda ndi chigongono. "Mphwanga, tayang'anitsitsa."

"Musavutike, malume," ndinanong'ona. "Tiya ali ku Perth."

"Ndati tayang'anitsitsa."

Koma ine nthabwala inali itafika kale pakamwa. Ndinakweza mawu kuti ndi a kumbuyo omwe amve.

"Azakhali, amayi akutherani, mwangoti muzindibweretsera zibambo? Uyu ndiye ngakhale mutandipatsa ulere sindingamutenge. Bwererani naye!"

Ndinadikira kuseka. Kunalibe. Mayi wina kumbuyo anati, "Mayo ine."

Apa m'pamene ndinayang'ana bwinobwino, kuyambira pansi. Chitenje chinali chitalekeza m'mawondo, chifukwa palibe chitenje chimodzi chimene chimamukwana. M'mawondomo munali zotchinjiriza zija amavala osewera volebo. Phazi lina linali mu sokosi ya timu, lina litakulungidwa bandeji, lotupa. Munthu aliyense mu holomo, mpaka gogo wa makiyi, anamuzindikira atangolowa.

Dzanja linatuluka, la zala ziwiri zomata pulasitala, n'kukoka chitenje.

"Ngakhale ulere, a Pulofesa?" anatero Tiya.

Chiyambire chibwenzi chathu anali asananditchulepo ndi ulemu wotero. Ndinayang'ana nkhope yake, ndinayang'ana foni. Kadontho kanali ku Perth. Ndinamuyang'ananso. Ndipo, Mulungu andikhululukire, mawu oyamba amene anatuluka pakamwa panga anali akuti, "Koma iwe uli ku Perth."

Ndinafuna kukhala pa mpando, koma mpando unali kutali ndi pamene ndinkauganizira.

Zinachitika ndi izi. Basi ya timu inkayenera kudikira a timu yathu ya anyamata, amene gemu yawo inayamba atsikana atamaliza. Tiya ataona choncho sanasambe n'komwe. Anatsimphina mpaka panja n'kukwera galimoto ya bambo ake a Morag, mnzake wa mutimu, amene anabwera kudzaonerera. Chikwama ndi foni anaziiwala, anzake n'kuziponya m'basi. Anasiya anzake akusangalala, anayenda ulendo wonsewo m'chipale phazi likumupweteka, kuti asandichititse manyazi pamaso pa amayi ake. Analowera khomo la kukhitchini, azakhali n'kumuponyera chitenje pomwepo. Ndipo ine ndinamutcha chibambo.

Ndili pansipo manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Koma choposa manyazi chinali mantha. Ndinaona maso ake ali ndi misozi, ndipo ndinadziwa kuti nthabwala zatha, mkazi uyu akhoza kundichokadi.

"Mwamva nonse," anatero azakhali, akupinda manja. "Wakana yekha pamaso pa mboni. Tiyeni tingodya nkhukuzi tizipita."

Bambo Kamwendo anaimirira. Munthu amene anali atalankhula za Amalawi ndi Asikoti mpaka anthu kuwodzera anasowa liwu ndi limodzi lomwe.

Amene analankhula ndi apongozi. Sanandiyang'ane, analankhula ndi azakhali monga mwa mwambo, koma mokweza kuti ndimve.

"Mufunseni mkamwiniyo ngati maso ali nawo. Ine mwana wanga ndamudziwa asanalowe, ndi kaponyedwe ka phazi pakhonde. Ngati iye mkazi amamudziwira pa foni, akwatire foniyo."

"Pepani, amayi," ndinatero ndikadali pansi.

"Muuzeni kuti pepani sachiza. Mulandeni chinthucho. Timupatse mwayi umodzi, womaliza. Akaphonya ndikwera ndege ndi mwana wanga."

Azakhali anandilanda foni n'kuiika m'lichero, pafupi ndi nkhuku. Ananditulutsa panja kanthawi. Nditabwerera ndinapeza amayi ndi atsikana onse aja atakhala pa mipando mumzere, aliyense atafunditsidwa zitenje ziwiriziwiri mpaka pansi. Atakhala pansi, msinkhu sunkaoneka. Mapazi sankaoneka. Panalibe chowerengera.

Ndinayenda pang'onopang'ono. Ndinafika kumapeto kwa mzere osadziwa kanthu, n'kubwerera. Bambo Kamwendo anali atatseka maso, milomo ikuyenda. Ndinauza mutu wanga kuti ukhale chete kamodzi kokha, ndingoyang'ana.

Ndiye ndinaona. Tiya akakwiya amanjenjemeretsa bondo lakumanzere. Amatero kochi akamutulutsa m'gemu, amatero ine ndikachedwa. Ndinali nditaliona bondo limenelo kambirimbiri osaliganizira. Cha pakati pa mzere chitenje china chinkagwedera pa bondo ngati chigayo chayaka.

Ndinagwada patsogolo pake.

"Uyu ndi wanga," ndinatero. "Ngati akundifunabe."

Bondo linaima. Kenako pansi pa chitenje panatuluka mawu otsika.

"Watsimikiza? Peresenti ingati?"

"Sindinawerengere."

"Bola," anatero.

Nthungululu zimene zinalira pamenepo ndikukhulupirira kuti a m'basi anazimva ali ku Stirling. Ankhoswe anasinthana nkhuku zija zitazizira kale, mwambo unatha bwino, ndipo Tiya anavina ndi phazi limodzi atatsamira phewa langa. (Apa kufupika kwanga kunagwira ntchito koyamba.) Basi inafika tikusesa mu holo.

Apongozi anabwerera ku Zomba okha. Akaimba foni amafunsa Tiya kuti, "A ku Perth ali bwanji?" ndipo dzinalo lafika kale kutchalitchi. Loti Pulofesa linafera pomwepo. Tsiku la ukwati anasankha ndi azakhali ndi apongozi, m'mwezi wa Julaye, kopanda volebo, kopanda mayeso. Ine sanandifunse, anangondiuza. Ndipo ndaphunzira, ndithu ndaphunzira, kuti munthu aziyamba wayang'ana chimene chili patsogolo pake.

Kungoti sabata yatha ndinakhala pansi n'kuyang'ana mmene mvula yakhala ikugwera mu Glasgow zaka zambiri zapitazo, ndipo zikuoneka poyera kuti Loweruka la ukwati wathu sikudzagwa mvula. Ndauza kale wojambula kuti zithunzi tidzajambulitsira panja, kupaki. Ndinamuonetsa Tiya mizere yake, yofiira ndi yobiriwira. Anaiyang'ana, anandiyang'ana, bondo lokha ndi limene linagwedera pang'ono.

Dzulo kwafika katoni yaikulu pakhomo panga, ndavutika nayo pokwera masitepe. Nditatsegula ndapeza maambulera okhaokha, okwanira akuchimuna ndi akuchikazi omwe.